Nsanja ya Galata ndi mzinda umene unakula, kuphwa ndi kukulanso

Munthu akaima pa mlatho wa Galata mumzinda wa Istanbul, m'dziko la Turkey, n'kukweza maso cha kumpoto, amaona nsanja yamiyala yobulungira, ya denga losongoka, itatulukira pamwamba pa nyumba zothithikana za m'mbali mwa phiri. Imeneyi ndi nsanja ya Galata, imene amalonda ochokera ku Genoa, mzinda wa ku Italy, anaimanga m'chaka cha 1348. Kutalika kwake kumapitirira pang'ono mamita 60, ndipo makoma ake ndi ochindikala mamita oposa atatu ndi theka. Alendo amaikwera tsiku ndi tsiku kuti aone mzinda wonse uli pansi pawo, koma kwa munthu wofuna kumvetsa chimene chimakulitsa mizinda ikuluikulu ndi chimene chimaiphwetsa, chofunika kwambiri pa nsanjayi ndi chaka chimene inamangidwa ndiponso mtundu wa anthu amene anaimanga. Kawirikawiri timaganiza kuti chimango chachikulu chotere ndi umboni wakuti mzinda unali pachimake pa ulemerero wake. Nsanja ya Galata inamangidwa pamene Constantinople (ndilo dzina lakale la Istanbul), mzinda umene kwa zaka mazana ambiri unali waukulu kuposa yonse ya ku Ulaya, unali utatsala madzi amodzi, ndipo oimanga sanali eni mzinda koma alendo amene anali atalanda kale malonda ake.

Mzindawu unayamba ngati mudzi wa Agiriki wotchedwa Byzantium, pamalo pamene khwalala lamadzi la Bosphorus limalumikiza nyanja ya Black Sea ndi nyanja ya Marmara, ndi kulekanitsa Ulaya ndi Asia. Mfumu Constantine ya Aroma inaukuza, n'kuutsegulira ngati likulu latsopano pa 11 Meyi m'chaka cha 330. Malowo anali ndi mphatso imodzi yosowa: kumpoto kwa mzinda kuli mkono wa nyanja wolowa kumtunda, wakuya ndi wabata, wotchedwa Golden Horn, umene ndi doko lachilengedwe. Tsidya lina la mkono umenewu, pamene pali Galata lero, panali kamudzi kotchedwa Sykai, dzina lachigiriki lotanthauza mikuyu.

Komabe doko labwino palokha silidyetsa anthu zikwi mazana ambiri. Dera lozungulira Constantinople silikanatha kulima chakudya chokwanira mzinda waukulu, ndiponso linalibe mtsinje woti n'kutungamo madzi a anthu onsewo. Choncho mafumu anachita zinthu ziwiri zimene, mwa kuona kwanga, ndizo zinamanga mzindawu koposa matchalitchi ndi nyumba zachifumu. Choyamba, anapatutsira kuno tirigu wa ku Egypt amene kale ankapita ku Roma. Chaka ndi chaka zombo zinkanyamuka ku Alexandria zitadzaza tirigu amene alimi a m'mbali mwa mtsinje wa Nile ankapereka ngati msonkho, ndipo kuyambira m'chaka cha 332 boma linkagawa buledi waulere wokwanira anthu 80,000 tsiku lililonse. Chachiwiri, anakumba ngalande ndi kumanga milatho yamadzi kuchokera ku mapiri a Thrace, mtunda wa makilomita oposa 200, ndipo mbali ina ya ntchito imeneyi, yotchedwa ndi dzina la Mfumu Valens, ikuonekabe lero itadutsa pamwamba pa msewu wa magalimoto. Madziwo ankasungidwa m'zitsime zikuluzikulu zomangidwa pansi pa nthaka. Chimodzi mwa izo, chimene chinamangidwa m'nthawi ya Mfumu Justinian, chili ndi mizati 336 ndipo chimatha kusunga madzi okwana makyubiki mita 80,000. Pamwamba pa zonsezi, m'chaka cha 413 anatsiriza mpanda wamiyala wa Mfumu Theodosius II, umene unatchinga mbali ya kumtunda ndi kuteteza mzindawo kwa zaka zoposa chikwi chimodzi.

Apa m'pofunika kufotokoza mmene akatswiri a mbiri yakale amapezera chiwerengero cha anthu a mizinda ya nthawi imeneyo, chifukwa kalembera wonga amene timamudziwa lero kunalibe. Iwo amayeza kukula kwa malo a m'kati mwa mpanda n'kuyerekeza kuti pa hekitala imodzi pankakhala anthu angati. Amawerengera tirigu amene ankalowa pa doko n'kumugawa ndi chakudya chimene munthu mmodzi amadya pa chaka. Ndiponso amawerenga zolemba za boma zotchula nyumba, misika ndi malo ophikira buledi. Chikalata china cha m'ma 420 chimati mzindawu unali ndi zigawo 14, nyumba zikuluzikulu 4,388, malo 20 a boma ophikira buledi ndi ena 120 a anthu wamba, ndipo Sykai anali chigawo cha 13. Njira zimenezi zimapereka mayankho osiyana, n'chifukwa chake wina amati m'nthawi ya Justinian, cha m'ma 530, munali anthu 350,000 pamene wina amati 500,000. Onse amagwirizana pa chinthu chimodzi: Roma, amene m'masiku a Augustus, mfumu yoyamba ya ufumu wa Aroma, anali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, anali ataphwa kotheratu pamene tirigu wa kumpoto kwa Africa analeka kufika, ndipo panalibe mzinda wina kumadzulo kwa China woposa Constantinople.

Kugwa koyamba kunabwera mwa njira yomweyo imene kukula kunabwerera. M'chaka cha 542 mliri umene unayambira ku Egypt unafika pa doko, mwachionekere m'zombo zomwezo za tirigu zimene zinkanyamulanso makoswe ndi utitiri wawo, ndipo unapha anthu ochuluka kwambiri moti manda anadzaza. M'chaka cha 619 Aperezi analanda Alexandria, buledi waulere anatha, ndipo Aluya atatenga Egypt cha m'ma 641 tirigu uja sanabwererenso. M'chaka cha 626 adani otchedwa Avar anadula ngalande ya madzi, ndipo panapita zaka pafupifupi 140 isanakonzedwe. Kuchedwa kumeneku kukutiuza zambiri, pakuti mzinda umene ungakhale zaka zonsezo popanda ngalande yake yaikulu ndi mzinda umene anthu ake achepa kwambiri. Akatswiri ambiri amati m'zaka za m'ma 700 munatsala anthu osafika 100,000. Mpanda sunagwe, mfumu inali pampando wake, tchalitchi cha Hagia Sophia chinali chilili, koma mzinda unaphwa chifukwa cha mimba ndi ludzu.

M'zaka zimenezo ukulu unasamukira kwina. Chang'an, likulu la mafumu a Tang ku China, unali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, odyetsedwa ndi mpunga ndi mapira zobwera pa ngalande yaikulu yokumbidwa ndi manja yochokera kumwera kwa dzikolo. Baghdad, amene Khalifa al-Mansur anamukhazikitsa m'chaka cha 762 m'mbali mwa mtsinje wa Tigris, anakula mofulumira chifukwa msonkho wa ufumu wonse wachisilamu wa Abbasid unkathera kumeneko. Pambuyo pake panadza Kaifeng ndi Hangzhou m'nthawi ya mafumu a Song. Yonseyi inali malikulu a maufumu akuluakulu, ndipo yonse inali pa madzi oyendamo mabwato, chifukwa kunyamula chakudya pa ngolo ya ng'ombe mtunda wautali kunkadula kwambiri moti ng'ombezo zinkatha kudya zochuluka kuposa zimene zanyamula.

Constantinople unadzukanso pang'onopang'ono, ndipo pofika zaka za m'ma 1100 unalinso ndi anthu zikwi mazana angapo. Koma nthawi imeneyi malonda ake anayamba kulowa m'manja mwa alendo. M'chaka cha 1082 Mfumu Alexios I, pofuna thandizo la zombo zankhondo, inalola amalonda a ku Venice kugula ndi kugulitsa m'madoko a ufumuwo osalipira msonkho, pamene eni dziko ankalipira gawo limodzi mwa magawo khumi. A ku Pisa ndi a ku Genoa nawonso anapatsidwa mwayi wawo. Chidani chinakula pakati pa Agiriki ndi alendowa, mpaka m'chaka cha 1182 anthu a mumzinda anapha Ataliyana ambirimbiri m'chipwirikiti choopsa. Kenako, mu Epulo 1204, gulu lankhondo la Akhristu a kumadzulo, limene linanyamuka kwawo ndi cholinga chokamenyera Yerusalemu, linathyola Constantinople mothandizidwa ndi zombo za ku Venice. Moto unapsereza zigawo zikuluzikulu, chuma cha m'matchalitchi chinafunkhidwa, ndipo zifanizo zinayi zamkuwa za akavalo zinatengedwa kupita ku Venice, kumene zili mpaka lero. Pa nkhondo imeneyo nsanja ina yakale ya m'mphepete mwa madzi ku Galata, imene inkagwira unyolo waukulu wotseka khomo la Golden Horn, inalandidwa. Nthawi zina anthu amaisokoneza ndi nsanja ya lero, koma ndi zimango ziwiri zosiyana, zomangidwa pamalo osiyana.

Alendo analamulira mzindawo zaka 57. Mfumu yachigiriki Michael VIII Palaiologos, imene inkakhala ku Nicaea, mzinda wa tsidya la Asia, inafuna zombo zoti ilimbane nazo ndi Venice, ndipo mu Malichi 1261 inachita pangano ndi Genoa ku Nymphaion: Genoa apereke zombo, ndipo amalonda ake aziyenda mu ufumu wonse ndi m'nyanja ya Black Sea osalipira msonkho. Mu Julaye chaka chomwecho asilikali a Michael analowa mu Constantinople pamene zombo za ku Venice zinali kutali, moti thandizo la Genoa silinafunike n'komwe, koma panganolo linakhalabe. Patapita zaka zochepa anthu a ku Genoa anapatsidwa Galata kuti akhale malo awo, pa lamulo lakuti asamange mpanda.

Anthu amati mlendo ndi mame, koma alendo awa sanakamuke dzuwa litakwera. M'chaka cha 1296 zombo za ku Venice zinatentha Galata, ndipo zimenezi zinapatsa anthu a ku Genoa chifukwa chopemphera chitetezo. M'chaka cha 1303 Mfumu Andronikos II inaika malire a malo awo n'kuwalola kukumba dzenje lozungulira. Iwo anayamba kumanga nyumba zazitali zamiyala m'mphepete mwa malirewo, kenako n'kuzilumikiza ndi makoma, mpaka nyumbazo zinasanduka mpanda umene lamulo linkakana. Anali ndi bwanamkubwa wawo wotumidwa kuchokera ku Genoa, makhoti awo ndi matchalitchi awo. Kuchokera ku Galata zombo zawo zinkapita ku Kaffa, ku Crimea, kukatenga tirigu, nsomba zouma, ubweya wa nyama, phula ndi silika wochokera kum'mawa, ndiponso anthu ogwidwa ukapolo, amene ambiri a iwo ankagulitsidwa ku Egypt ndi ku Italy. Mbali iyi ya chuma cha Galata siyenera kubisidwa pamene tikuyamikira kukongola kwa nsanja, chifukwa ndalama zimene zinagula miyala yake zinachokeranso ku malonda a anthu.

Mmene mbali ziwiri za Golden Horn zinasiyanirana tikuziona m'maso mwa mboni ziwiri. Ibn Battuta, woyenda maulendo wa ku Morocco amene anafika kuno cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1330, anaona kuti m'kati mwa mpanda wa Constantinople munali midzi pafupifupi 13 yotalikirana, pamene pa doko la Galata anaona zombo zikuluzikulu pafupifupi 100 ndi zing'onozing'ono zosawerengeka. Wolemba mbiri wachigiriki Nikephoros Gregoras analemba kuti msonkho wa pa doko la Galata unkakwana ndalama zagolide 200,000 pa chaka, pamene mfumu tsidya linalo inkatolera 30,000 zokha. Nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa 1341 ndi 1347 inamaliza zimene zinatsala, moti m'chaka cha 1343 miyala yamtengo wapatali ya pa chisoti chachifumu inaperekedwa chikole ku Venice pa ngongole ya ndalama 30,000, ndipo siinawomboledwe. Pamene John VI Kantakouzenos ankavekedwa ufumu m'chaka cha 1347, Gregoras akuti zokongoletsa za pa chisoti zinali zagalasi, ndipo alendo a paphwando anadyera m'mbale zadothi ndi zachitsulo wamba. Chaka chomwecho mliri waukulu, umene pambuyo pake unapha gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu a ku Ulaya kapena kuposerapo, unafika mumzindawo kuchokera ku madoko a Black Sea.

Kantakouzenos anazindikira bwino pamene panali bala. Anatsitsa msonkho wa pa doko lake kuti akope zombo zibwerere ku Constantinople, ndipo anayamba kusonkhetsa ndalama zomangira zombo zankhondo. Anthu a ku Galata anaona kuti chuma chawo chili pangozi, choncho m'chaka cha 1348 anaukira, natentha zombo ndi nyumba zosungiramo katundu za m'mphepete mwa madzi, ndipo popanda chilolezo cha mfumu anakuza mpanda wawo kukwera phiri la kumbuyo kwa mudzi wawo. Pansonga pa mpanda watsopanowo, pamalo okwera koposa, anamangapo nsanja imene anaitcha Christea Turris, kutanthauza Nsanja ya Khristu. Chifukwa chosankhira malowo n'chosavuta kumva: amene ali pamwamba pa phirilo angathe kuponya miyala m'mudzi wonse wa m'munsi, choncho anafuna kuligwira iwo mdani asanaligwire, ndipo ali pansanja ankaona chombo chilichonse cholowa mu Bosphorus ndi mu Golden Horn. Mu Malichi 1349 zombo zatsopano za mfumu zinatuluka kukamenyana nawo, koma oziyendetsa anali osazolowera nyanja, ndipo anazithawa nkhondo isanayambe n'komwe. Mfumu inavomereza malire atsopano a Galata. M'zaka zimenezo mizinda yaikulu padziko inali Cairo ndi Hangzhou, ndipo Constantinople sunalinso m'gulu lawo.

Patapita zaka 105 chimangidwire nsanjayo, Sultan Mehmed II wa Aturuki a Ottoman, mnyamata wa zaka 21, anazinga mzindawo kuyambira pa 6 Epulo 1453. Anthu a m'kati mwa mpanda anali pafupifupi 50,000 okha. Galata ananena kuti sali mbali iliyonse, ngakhale kuti mtsogoleri wa oteteza mpanda, Giovanni Giustiniani, anali wa ku Genoa ndipo anabwera ndi asilikali 700. Popeza unyolo unatseka khomo la Golden Horn, pa 22 Epulo Mehmed anakoketsa zombo pafupifupi 70 pamtunda, pa mitengo yopakidwa mafuta, kudutsa kuseri kwa mpanda wa Galata mpaka kuzitsitsira m'madzi a m'kati mwa doko. Mzinda unagwa pa 29 Meyi, ndipo Mfumu Constantine XI inafera pankhondoyo. Akuluakulu a ku Galata anapereka makiyi a zipata zawo, ndipo Mehmed anawapatsa chikalata chowalola kusunga katundu wawo, matchalitchi awo ndi malonda awo, koma ufulu wodzilamulira unatha pomwepo.

Chimene Mehmed anachita pambuyo pake chikutsimikiza kuti iye ankadziwa kuti analanda chigoba. Analamula kuti mabanja asamutsidwe, ena mwakufuna kwawo ndipo ambiri mokakamizidwa, kuchokera ku Anatolia (mbali ya Asia ya Turkey wa lero), ku Balkan, ku Trebizond atalandidwa mu 1461 ndi ku Kaffa atalandidwa mu 1475, ndipo anali Asilamu, Agiriki, Aameniya ndi Ayuda. Kalembera wa nyumba wa cha m'ma 1477 anapeza mabanja oposa 16,000 mu Istanbul ndi Galata pamodzi. Ayuda atathamangitsidwa ku Spain mu 1492, Sultan Bayezid II anawalandira, ndipo ambiri anakhazikika m'mbali mwa Golden Horn. Selim I atagonjetsa Egypt mu 1517, chakudya cha m'mbali mwa Nile chinayambanso kufika pa doko lomwe lija patapita zaka pafupifupi 900, kuwonjezera pa tirigu wa ku Danube ndi Black Sea ndi nkhosa za ku Balkan. Boma linkaika mitengo ya buledi ndi nyama, ndipo katswiri wa zomangamanga Mimar Sinan anakonza ndi kukuza ngalande za madzi m'zaka za m'ma 1550 ndi 1560. Mankhwala anali omwe aja a m'nthawi ya Constantine, ndipo anagwiranso ntchito: pofika zaka za m'ma 1600 mzindawu unalinso waukulu kuposa yonse ya ku Ulaya, ndipo wolemba mbiri Tertius Chandler, amene anayesa kusanja mizinda yaikulu ya m'nthawi zonse, anauika patsogolo pa dziko lonse m'theka lachiwiri la zaka zimenezo.

Nsanja ija inasintha ntchito mogwirizana ndi zosowa za mzinda. Chivomezi cha mu 1509 chinaiwononga ndipo inakonzedwa, n'chifukwa chake mbali ya m'munsi ndi ya anthu a ku Genoa pamene ya kumtunda ndi ya Aturuki. Kwa nthawi ina inali ndende ya akaidi ogwidwa pankhondo, amene ankagwiritsidwa ntchito pamalo okhomera zombo ku Kasımpaşa. Pali nkhani yotchuka, yolembedwa ndi Evliya Çelebi yekha, Mturuki wolemba za maulendo ake, yakuti cha m'ma 1630 munthu wina dzina lake Hezarfen Ahmed Çelebi anavala mapiko n'kuuluka kuchokera pansanjayi mpaka ku Üsküdar, tsidya la Asia. Popeza palibe wolemba wina wa nthawiyo amene anaitchula, ndi bwino kuitenga ngati nthano yokondedwa ya mzindawo. Ntchito yake yeniyeni ndi yokhalitsa inayamba mu 1717, pamene inakhala malo a alonda oyang'anira moto. Nyumba zambiri za mu Istanbul zinali zamatabwa, zogundana m'tinjira topapatiza, ndipo moto wa mu 1660 wokha unapsereza gawo lalikulu la mzinda wakale. Alonda ankazungulira pamwamba usana ndi usiku, ndipo akaona utsi ankachenjeza anthu ndi ng'oma, pambuyo pake ndi mbendera masana ndi nyali usiku. Nsanja yomweyo inapsa mu 1794 ndi mu 1831, mpanda wa Galata unagwetsedwa m'ma 1860 kuti misewu idutse, ndipo mphepo yamkuntho inasasula denga lake mu 1875. Denga losongoka limene tikuliona lero linabwezeretsedwa pa ntchito yokonzanso ya pakati pa 1965 ndi 1967, ndipo kuyambira mu 2020 nsanjayi ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale.

Pamene denga lija linkagwa, lamulo lakale la kukula kwa mizinda linali litasintha kale. Kwa zaka pafupifupi 1,800 kuchokera m'nthawi ya Augustus, mizinda yaikulu koposa inkafika pa anthu miliyoni imodzi kapena kupitirirapo pang'ono n'kuima pomwepo, kaya ndi Roma, Chang'an, Baghdad, Beijing kapena Edo wa ku Japan, chifukwa mphepo, nyama zokoka ngolo ndi nkhuni zinali ndi malire pa kuchuluka kwa chakudya, madzi ndi moto zimene zikanafika pamalo amodzi, ndipo matenda a m'mizinda yothithikana ankapha anthu ambiri kuposa obadwa. London ndiye anathyola malire amenewa. Kalembera wa mu 1801 anapeza anthu pafupifupi miliyoni imodzi, koma pofika mu 1900 anali oposa mamiliyoni 6, chifukwa cha malasha, sitima zapamtunda, sitima zapamadzi zoyendera nthunzi zobweretsa tirigu kuchokera ku America, ndiponso mipope ikuluikulu yochotsa zonyansa imene inachepetsa kolera. Cha m'ma 1925 New York anapitirira London, ndipo Tokyo anapitirira New York nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Ndi bwino kuona kuti New York sanali likulu la dziko. Kuyambira pamenepa mafakitale, madoko ndi mabanki anayamba kukoka anthu monga mmene nyumba yachifumu inkakokera kale.

Istanbul yemwe ndi chitsanzo cha zimenezi. Mu 1923 likulu la dziko latsopano la Turkey linasamukira ku Ankara, ndipo kalembera wa mu 1927 anapeza anthu osafika 700,000 mumzindawo. Mu 1950 anali pafupifupi miliyoni imodzi. Kenako anthu a kumidzi ya ku Anatolia anayamba kukhamukira kuno kudzafuna ntchito m'mafakitale, namanga tinyumba pa malo a boma usiku umodzi, timene Aturuki amatitcha gecekondu, kutanthauza chomangidwa usiku. Mlatho woyamba wodutsa Bosphorus unatsegulidwa mu 1973, ndipo lero anthu a mu Istanbul ndi oposa mamiliyoni 15 ndi theka, chiwerengero chosatalikirana kwenikweni ndi anthu 17.5 miliyoni amene kalembera wa mu 2018 anapeza m'Malawi monse. Mzinda wakale wa m'kati mwa mpanda wa Theodosius, umene unkagometsa dziko lonse, tsopano ndi boma limodzi mwa maboma ang'onoang'ono 39 a Istanbul.

Funso lakuti mzinda waukulu koposa lero ndi uti lilibe yankho limodzi, ndipo chifukwa chake si kusowa kwa kalembera monga kale, koma kusowa kwa mpanda. Kale mpanda unkaonetsa pamene mzinda wathera. Lero munthu ayenera kusankha ngati akuwerenga anthu a m'malire a khonsolo, kapena onse okhala m'dera limene nyumba zake zalumikizana, kapena onse amene amadzuka m'mawa kukagwira ntchito mumzindamo. Tikatsata malire a boma, Chongqing wa ku China ali ndi anthu oposa mamiliyoni 30, koma malirewo akuphatikiza dera la masikweya kilomita oposa 82,000, lodzaza ndi minda, mapiri ndi matauni otalikirana. Lipoti la bungwe la United Nations la mu 2018 linaika Tokyo patsogolo ndi anthu mamiliyoni 37, kenako Delhi ndi mamiliyoni 29 ndi Shanghai ndi mamiliyoni 26. Lipoti la bungwe lomwelo la mu Novembala 2025 linagwiritsa ntchito muyezo umodzi wa kuthithikana kwa anthu m'maiko onse m'malo motsata malire amene dziko lililonse limadziikira, ndipo mndandanda unasintha: Jakarta wa ku Indonesia anakhala woyamba ndi anthu pafupifupi mamiliyoni 42, Dhaka wa ku Bangladesh wachiwiri, ndipo Tokyo wachitatu ndi mamiliyoni 33. Anthu a ku Jakarta sanawonjezeke mwadzidzidzi m'zaka zisanu ndi ziwiri zimenezo. Chimene chinasintha kwambiri ndi mzere wozungulira mzinda pa mapu. Choncho aliyense wowerenga mindandanda yotere ayenera kufunsa kaye kuti mzerewo waikidwa pati.

Pa madzi ndi chakudya, Istanbul wa lero akulimbanabe ndi vuto lomwe mainjiniya a Valens ndi Sinan analimbana nalo. Madamu ozungulira mzindawo amatsika kwambiri m'zaka za chilala, ndipo gawo lina la madzi ake limapopedwa kuchokera ku mtsinje wa Melen, makilomita oposa 150 kum'mawa, n'kudutsa m'ngalande ya pansi pa Bosphorus kuti lifike ku mbali ya Ulaya. Tirigu wa ku Black Sea, amene analemeretsa amalonda a ku Galata, akudutsabe m'khwalala lomwelo, koma tsopano akudyetsa mizinda ya kutali monga Cairo. Nkhondo ya pakati pa Russia ndi Ukraine itatseka madoko a Ukraine mu 2022, mitengo ya tirigu ndi mafuta ophikira inakwera m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo pangano lotsegulanso njirayo linasainidwa ku Istanbul pa 22 Julaye chaka chomwecho. M'chaka chimodzi chimene panganolo linagwira ntchito, matani pafupifupi mamiliyoni 33 a chimanga, tirigu ndi zakudya zina anatuluka ku Odesa ndi madoko oyandikana nawo, ndipo chombo chilichonse chinkaima m'madzi a Istanbul kuti chiyenderedwe chisanapitirire ulendo wake.